Ndikonze chiyani panyumba ya makolo ndisanakwere ndege?

Funso

Bambo, ine ndine namwino, kwathu ndi kufupi ndi Bembeke ku Dedza. Ndapeza ntchito pachipatala china ku England ndipo ndikuyembekezera kunyamuka mu Okutobala. Amuna anga ndi ana athu awiri adzanditsatira pambuyo. Kumudzi kuli nyumba yomwe malemu bambo anamanga mu 1986, ya njerwa zootcha, zipinda zitatu ndi balaza. Mukukhala amayi, omwe tsopano akalamba, ndi mng'ono wanga. Ikudontha, makoma ali ndi ming'alu, pulasitala wam'munsi akuyoyoka. Ndasunga K12 miliyoni. Ndikufuna ndisinthe malata, ndiike matailosi, siling'i ndi chimbudzi cham'nyumba, ndiwonjezere chipinda chathu, ndimange mpanda, zonse zithe ndisanapite. Amuna anga akuti ndalamazo n'zaulendo, komanso sakufuna kumanga pamalo poti si pawo. Achimwene a ku Lilongwe akuti ndiziwatumizira ndalama iwo aziyang'anira ntchito. Pano tili mu Meyi. Ndiyambire pati?

Namwino wa ku Bembeke

Yankho

Achemwali, mwachita bwino kuganizira denga la amayi pa nthawi yomwe mutu uli wodzaza ndi za ulendo. Ine ntchito yanga ndi kuyang'anira zomangamanga. Pa zaka zoposa 20 zomwe ndayenda ndi tepi ndi levulo kuchokera ku Linthipe mpaka ku Tsangano, nyumba zambiri zomwe ndagwirapo eni ake anali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku UK, ndiye nkhani yanuyi si yachilendo kwa ine. Ndikuuzani mosapsatira mawu. Zonse mwatchulazi sizingakwane mu K12 miliyoni, sizingathe bwino m'miyezi isanu, ndipo ngakhale zikanatheka sindikanakulangizani kutero. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ulendo ndi nyumba zonse zikuyang'ana thumba limodzi.

Musanapite konzani zokhazo zomwe zizipitirira kuwonongeka inu kulibe. Matailosi saola m'sitolo, mudzawapeza. Mpanda ungadikire. Koma denga lodontha limadya nyumba dzinja lililonse, chiswe sichipuma, ndipo nkhani ya pachibale yomwe simunaimalize muli pano siimalizika pafoni.

Ndiyambe ndi nkhani ya pachibaleyo, chifukwa ndi yomwe yandigwetsera ntchito zambiri kuposa mvula. Mawu a amuna anu musawatenge ngati kuumira. Akunena zomwe mkamwini aliyense amadziwa mumtima ngakhale sanena pagulu: kuti ungamange bwanji, malo ndi a mbumba ya mkazi, ndipo zinthu zikasokonekera iwe umachoka ndi bulangete. Kwathu kuno, Achewa ngakhalenso Angoni ambiri, timatsata kuchikazi. Ngati malemu bambo anu anali mkamwini, dothi lomwe pali nyumbayo ndi la mbumba ya amayi, ndipo amalume anu ali ndi mawu. Ngati amayi anapita chitengwa, ndiye kuti nyumba ili pamalo a kuchimuna, ndipo apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa nyumba yodontha palibe amailimbirana, koma ikavala malata atsopano abale amayamba kukumbukira kuti anamanga ndi m'bale wawo.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wake amapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena omwe ankadalira iye, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Izi zikuteteza amayi anu. Koma zikutanthauzanso kuti nyumbayo si yanu nokha. Achimwene a ku Lilongwe ali ndi gawo, mng'ono wanu ali ndi gawo. Mukathirapo mamiliyoni anu, mwakongoletsa chinthu cha anthu angapo, ndipo pakapita zaka 10 palibe adzakumbukire amene anagula malata ngati sizinalembedwe.

Ndiye musanagule msomali ndi umodzi womwe, itanani anthu mwezi wa Juni usanathe: amayi, achimwene, mng'ono wanu, amalume monga eni mbumba, mmodzi wa kuchimuna, amuna anu, ndi a nyakwawa kapena nduna yawo. Mukhale pansi pakhomo pomwepo. Mugwirizane kuti amayi akhala m'nyumbamo moyo wawo wonse, kuti akadzatisiya adzakhalamo ndani, ndiponso kuti ndalama zomwe inu ndi amuna anu mukuikapo ndi mphatso kwa amayi kapena zidzawerengedwa tsiku logawana. Zonse ziwiri n'zabwino, choipa n'kusanena. Mulembe m'Chichewa chomveka, aliyense asaine kapena adinde chala, amfumu aike chidindo chawo, aliyense atenge pepala lake, inu mulijambulenso pafoni. Ndikudziwa kuti ena adzati mukuitana imfa kapena mwayamba kunyada chifukwa cha ulendowu. Lankhulani mofatsa, ndipo nkhaniyi iyambitsidwe ndi amalume osati inu. Ngati amayi avomera kulemba wilo, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizikulandirapo kanthu. Mukapitenso ku ofesi ya za malo kukhonsolo ya Dedza mukafunse za kulembetsa malowo, chifukwa lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo oterowo kudzera m'komiti ya malo yomwe wapampando wake ndi a gulupu, ndipo angathe kulembedwa m'maina a anthu angapo.

Za chipinda chanu chowonjezera, maganizo anga ndi akuti musachiphatikize kunyumba ya amayi. Pamsonkhano womwewo pemphani malo anuanu chapambali, alozedwe malire, alembedwe dzina lanu ndi la amuna anu. Mudzamangapo mtsogolo ndi mtima umodzi. Mukatero amuna anu adzaona kuti mawu awo amveka, ndipo ndalama yokonzera denga la apongozi awo sidzawawawanso. Komanso chipinda chatsopano cholumikiza kukhoma la 1986 nthawi zambiri chimang'ambika polumikizira pomwepo, popeza maziko atsopano amakhazikika mosiyana ndi akale.

Tsopano tikwere padenga. Musayambe ndi kufunsa mtengo wa malata. Yambani ndi kukwera mmwamba ndi kalipentala, mutenge tochi ndi sikuludiraiva, mubaye thabwa lililonse, makamaka pomwe lakhudza khoma. Chaka china ndinakwera m'nyumba ina cha ku Mayani. Matabwa ankaoneka athunthu, akuda ndi mwaye, olimba ndithu. Nditakanikiza ndi chala chachikulu, chinalowa mpaka mkati, ndipo kunatuluka dothi louma ngati gaga. Chiswe chinali chitadya mkati monse n'kusiya khungu lopyapyala ngati pepala, ndipo pansi pake ndi pomwe agogo ena ankagona ndi zidzukulu zitatu. Mwini nyumba anali atagula kale malata, akufuna tingokhomera pamatabwa omwewo. Nyumba ya zaka pafupifupi 40 ngati yanuyi, yembekezerani kuti matabwa ambiri achoka.

Paini wa m'nkhalango zathu za Dedza ndi Chongoni ndi wopepuka, wosavuta kukhoma, koma chiswe chimamukonda. Gulani matabwa ouma, osati ochekedwa dzulo, chifukwa aawisi amapindika ali padenga n'kukoka misomali. Apakidwe Solignum kapena mankhwala ena a chiswe ali pansi, mbali zonse zinayi ndi kumapeto komwe adulidwa, asanakwezedwe. Kenako tsatirani timizere ta dothi tomwe chiswe chimamanga pakhoma mpaka muone komwe chikulowera, muthire mankhwala m'nthaka mozungulira maziko, ndipo ngati pali chulu kapena chitsa choola pafupi ndi nyumba, chifukulidwe.

Malata mukagule nokha mudakali pano. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi lokhuthala kuposa 30, ndipo 32 ndi lopyapyala kwambiri. Panyumba yomwe simudzaiona kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ikani 28. Ena amalemba 28 pakotesheni n'kubweretsa 30, n'chifukwa chake ndikuti mupiteko ndi maso anu. Misomali ikhomedwe pamwamba pa nthiti ya lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo malata apitirire khoma ndi masentimita 60 kuti mvula isamamenye njerwa. Akalewo musataye, afolera khitchini kapena khola.

Pali chinthu chimodzi chomwe simunachitchule koma ine ndingachiike patsogolo pa matailosi ndi siling'i. Nyumba zambiri za m'midzi za m'ma 1980 zilibe ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo yemwe amazungulira pamwamba pa makoma onse n'kuwamanga pamodzi. Nthawi yokhayo yomuika mosawononga ndalama ndi pomwe denga lasasulidwa. Dera lathu lili m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha nyanja, ndipo m'tsinde mwa mapiri otsikira ku Golomoti muli mng'alu wa nthaka wochokera ku Bilila mpaka ku Mtakataka. Akuluakulu akukumbukira chivomezi cha ku Salima cha mu 1989, ndipo cha ku Karonga cha mu 2009 chinagwetsa nyumba zambiri za njerwa. Ngakhale popanda chivomezi, lambayu ndi amene amagwira makoma omwe ayamba kutayana. Muikemo zitsulo zinayi, konkire wake akhale muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Mmenemo mumizidwenso waya wokhuthala womangira matabwa a denga, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba mu Novembala siyamba ndi kuzula misomali, imanyamula denga lonse pamodzi ndi matabwa ake ngati silinamangiriridwe kukhoma. Miyala ndi njerwa zomwe anthu amasanjika pamwamba pa malata sizithandiza kwenikweni.

Konkire amafuna kuthiriridwa madzi masiku 7 mosadumphitsa, ndipo amafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. M'chisanu cha Juni ndi Julayi cha kuno ku Dedza simenti imachedwa kugwira, choncho mmisiri asathamangire kuchotsa matabwa ochingira. Muganizirenso komwe amayi azigona masabata awiri kapena atatu omwe nyumba idzakhale yopanda denga. Munthu wokalamba sangagone m'chisakasa ku Bembeke mu Julayi. Ndi bwino kusasula kumayambiriro a Ogasiti kukayamba kufunda.

Pa pulasitala woyoyokayo ndikuuzani cholakwa changa, chomwe chimandipwetekabe. Ndili wachinyamata pantchitoyi ndinakonza nyumba ina kufupi ndi boma la Ntcheu, mwini wake ali ku Johannesburg akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti akufuna zithunzi za nyumba yowala Khirisimasi isanafike. Khoma linali lachinyontho m'munsi. Ndinkadziwa kuti vuto ndi madzi, koma ndinalola kuti tipake pulasitala wolimba ndi penti wa mafuta pamwamba pake. Patatha madzinja awiri anandiitana. Pulasitala anali atatukumuka, ndipo nditagogoda ndi chala anagwa chibenthu chachikulu ngati thireyi, chitamatirira nkhope za njerwa. Kuseri kwake njerwa zinali zofewa, zonyowa, zoti n'kuzikanda ndi chikhadabo. Munthuyo anataya ndalama zomwe anazivutikira kwa eni, chifukwa ine sindinalimbe mtima kumuuza kuti adikire.

Nyumba za nthawi imeneyo zambiri anamangira dothi pakati pa njerwa, ndipo sanayale pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko wotchinga chinyontho. Kandani ndi msomali pakati pa njerwa ziwiri, mudzadziwa. Khoma lotere limayamwa madzi a m'nthaka ngati chingwe cha nyali, ndipo mukalitseka ndi simenti yolimba madziwo amasowa potulukira n'kuyamba kudya njerwa. Mankhwala ake ali panja. Chotsani dothi lomwe launjikana m'mbali mwa nyumba kufikira nthaka yapanja itatsika masentimita 15 kuyerekeza ndi pansi pa m'nyumba. Zungulizani kakhonde ka simenti kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kopendekera kunja. Kwanuko ndi kwa zitunda, ndiye kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi ochokera m'munda. Ikani magatala, madziwo agwere m'thanki kapena m'mbiya, amayi apumuleko ulendo wa kumjigo. Pulasitala woolayo agumulidwe mpaka mita imodzi kuchokera pansi, khoma lisiyidwe lamaliseche liume ndi dzuwa la Ogasiti ndi Seputembala, kenako lipakidwe pulasitala wosalimbitsa kwambiri wosakaniza laimu, ndipo penti wake akhale laimu kapena wamadzi.

Ming'alu si yofanana. Yaing'ono ngati tsitsi ndi ya pulasitala chabe. Yoopsa ndi yoyenda ngati masitepe motsata njerwa, yolowa pensulo, kapena yooneka mkati ndi kunja komwe. Pa mng'alu wotere matani kachigamba ka simenti kopingasa lero lomwe, mulembepo tsiku. Kakang'ambika pakatha milungu ingapo, ndiye kuti maziko akuyendabe, ndipo pamenepo pafunika kukumba n'kuwalimbitsa, osati kungomata. Onaninso ngati pali bulugama pafupi, mizu yake imaumitsa nthaka n'kusuntha maziko.

Siling'i ndimaivomereza ndalama ikatsala, chifukwa kuno malata amachita thukuta usiku wozizira n'kumadontha m'mawa ngati kwagwa mvula, ndipo siling'i imasunga kutentha. Ngati sizikwana, ikani m'chipinda cha amayi chokha. Koma apa ndikupemphani inu monga namwino, mukudziwa kuposa ine zomwe mpweya wa makala umachita. Nyumba yakale ili ndi mipata paliponse, ndipo mipatayo ndi yomwe yakhala ikupulumutsa anthu ogona ndi mbaula. Mukaika siling'i, mawindo otseka bwino ndi zitseko zatsopano, nyumba ija yasanduka botolo. Maventi a pamwamba pa mawindo asatsekedwe ndi nsanza kapena simenti, ndipo mng'ono wanu amvetsetse kuti mbaula siigona m'nyumba. Agulireni amayi mabulangete awiri okhuthala ndi botolo la madzi otentha.

Matailosi asiyeni. Kwa munthu wokalamba ndi oterera, m'chisanu ndi ozizira, ndipo kuthyoka chiuno pa msinkhu umenewo inu mukudziwa mathero ake. Pansi pa simenti pokonzedwa bwino m'pokwanira. Chimbudzi chamadzi chimafuna mpopi wosauma, ndipo ngati madzi anu ndi a pamjigo chidzangokhala chonunkha m'nyumba ndi mtolo kwa mng'ono wanu. Kumbani chimbudzi chatsopano pafupiko ndi khomo, chokhala ndi silabu, pokhalira pokwera, chogwirira pakhoma, kanjira kosalala ndi getsi la sola, chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Chimenechi chidzasintha moyo wa amayi kuposa mpanda.

Tibwere kwa achimwene. Sindikuwadziwa ndipo sindikuwaganizira zoipa. Koma munthu wokhala ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80, wa ntchito yake ndi banja lake, sangaone mawilibala a mchenga omwe akulowa m'thumba limodzi la simenti Lachiwiri m'mawa. Ndipo kuba kwambiri pa zomanga kumachitikira pamenepo. Pomangira njerwa, thumba limodzi la makilogalamu 50 limayenda ndi mawilibala atatu a mchenga. Mmisiri wosakhulupirika amathira asanu kapena asanu ndi limodzi, matumba otsalawo amatuluka madzulo panjinga. Pachithunzi cha pa WhatsApp khomalo limaoneka bwinobwino. Chinanso, ndalama ya nyumba ikakhala m'manja mwa m'bale, maliro akagwa kapena fizi ikavuta amabwerekako ndi mtima wabwino ndithu, akuti adzabweza, ndipo ubale umayamba kuwawa kuyambira pamenepo.

N'chifukwa chake ndikuti ntchito yaikulu ithe inu mudakali m'dziko muno, muzipitako Loweruka lililonse. Pa zomwe zidzatsale, gawani maudindo. Wosunga ndalama akhale wina, woyang'anira ntchito wina. Katundu muzilipira nokha kusitolo kudzera kubanki, Airtel Money kapena Mpamba, lisiti lizijambulidwa. Mng'ono wanu, yemwe amagona pomwepo, akhale ndi kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo muzimupatsa kangachepe pa ntchitoyi, chifukwa ndi ntchito ndithu. Achimwene apatseni udindo woyenera ulemu wawo: azibwera pakatha gawo lililonse kudzaona ndi kuvomereza kuti mmisiri alipidwe. Mmisiriyo mupangane naye polemba, mtengo wa gawo lililonse pawokha, ndipo musamulipire ntchito yomwe sanaigwire. Pa K100 iliyonse ya malipiro ake musungeko K10 kufikira denga litayesedwa ndi mvula. Mmisiri wabwino sakana zimenezi. Musanamulembe, kaoneni nyumba ziwiri zomwe anafolera zaka zitatu zapitazo, mulankhule ndi eni ake iye palibe.

Mudzamva anthu akuti gulani simenti yambiri musunge, mitengo ikukwera. N'zoona kuti ikukwera: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kotesheni ya miyezi itatu yapitayo imakhala itatha kale ntchito. Koma simenti si chimanga. Ikadutsa miyezi itatu imayamba kufooka, ndipo m'chinyontho cha kuno imafulumira. Ndinatsegulapo chipinda china cha ku Lobi momwe munali matumba osanjikizana mpaka pawindo, ogulidwa ndi mayi wina wogwira ntchito kunja. Tinayesa kunyamula limodzi, pepala linang'ambika, mkatimo munali mwala wooneka ngati pilo. Onse anali choncho. Mlongo wake yemwe ankasunga kiyi anangokhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira. Ngati mukufuna kutseka mtengo, gulani zosaola: malata, zitsulo, mafelemu. Mukakhazikika uko, ndalama ya nyumba muziisunga m'mapaundi n'kumatumiza pokhapokha gawo la ntchito lakonzeka.

Pa ndalama ya ulendo amuna anu akunena zoona, ndipo muipatule poyamba, nyumba idye zotsala. Mlongo wanga ali ku Leeds, mzinda wa ku England, ndipo miyezi yake itatu yoyamba inali yowawa kuposa momwe tonse tinkaganizira. Malipiro amabwera kumapeto kwa mwezi, pomwe kudya, basi ndi foni zimayamba tsiku lomwe mwatsika ndege. Anamwino ochokera kunja amakalemba mayeso a OSCE, oyesa luso lawo pantchito, atafika, ndipo m'zipatala zambiri amalandira zochepa kufikira atakhoza n'kulembetsedwa ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino ku UK. Mukamafuna nyumba yoti ana adzafikiremo, eni nyumba ku England amaloledwa kutenga dipoziti yofika lendi ya masabata asanu, kuwonjezera pa lendi ya mwezi woyamba. Matikiti a anthu atatu akudikiranso. Funsani abwana anu atsopano akulembereni zomwe alipira iwo ndi zomwe mudzabweze mukachoka msanga. Ine ndikanakhala inu, theka la ndalama mwasungazo sindikanalikhudza, ndipo kumudzi ndikananeneratu pamsonkhano uja kuti miyezi itatu yoyamba musayembekezere kanthu. Kuneneratu kumapweteka pang'ono, koma kulonjeza n'kulephera kumapweteka kwambiri.

Za mapepala ndingodutsamo mwachangu. Chikalata cha kuyezedwa TB chomwe a UK amafuna chimagwira ntchito miyezi 6, ndiye cha amuna anu chisatengedwe msanga kwambiri. Kalata ya kupolisi imatengedwa kulikulu lawo ku Area 30. Ziphaso zobadwira za ana kuchokera ku NRB, bungwe lolembera nzika, mapasipoti awo ndi setifiketi ya ukwati muziyambe lero, chifukwa sizituluka tsiku lomwe munthu wazifuna. Pitani kwa loya mukalembe power of attorney, kalata yopatsa munthu mphamvu yokusainirani, koma ikhale yotchula zinthu zenizeni ndi nthawi yake, isakhale yoti angathe kugulitsa kapena kukongolera chilichonse m'dzina lanu. Kubanki kafunseni za akaunti ya anthu okhala kunja. Nambala yanu ya foni ya kuno musaileke kufa, chifukwa ikakhala miyezi osagwira ntchito amaipereka kwa wina, pomwe mauthenga achinsinsi a kubanki amabwerera pomwepo. Mapepala onse, kuphatikizapo pangano la pabanja lija ndi la mmisiri, muwajambule n'kuwasunga pa intaneti.

Posanja katundu, ndege zambiri zodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi zimalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23, koma onani patikiti panu. Nyama, mkaka ndi mbatata ya kachewere siziloledwa kulowa ku UK kuchokera kuno, ngakhale amayi adzafune kukupatsirani ya m'dimba mwawo. Usipa wouma umaloledwa. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi athu. Juzi ya ku Dedza idzakuthandizani masiku oyamba, chikhothi chenicheni mukagule komweko, chifukwa mukufika dzuwa litayamba kulowa msanga, ndipo mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko masana.

Milungu itatu yomaliza pasakhale mmisiri pakhomo. Nthawi imeneyo ndi ya amayi. Mugone m'nyumbamo masiku angapo, mumve nokha ngati chitseko chikutseka bwino, ngati sitepe ya pakhonde siikuwavuta, ngati getsi la panjira ya kuchimbudzi likuyaka usiku wonse. Muyende ndi mng'ono wanu kuzungulira nyumba, mumusonyeze pomwe chiswe chinkalowera, ngalande yomwe azichotsamo zinyalala mvula isanayambe, ndi kachigamba ka pamng'alu kaja. Mvula yoyamba yamphamvu ikadzagwa mu Novembala kapena Disembala, inu muli uko, mudzamuimbire pa vidiyo ikugwa. Atenge tochi, alowe chipinda chilichonse, aunike mmwamba ndi m'makona, kenako atuluke ndi ambulera akusonyezeni komwe madzi a m'magatala ndi m'ngalande akulowera. Mukaona kuti m'nyumba ndi mouma ndipo madzi akuthawa khoma, mutumizireni mmisiri ndalama yake yotsala ija.